Kuchira kwa a Goliati

A Goliati anali munthu wamfupi, woti akaima ndi khasu lawo unkayamba kupereka moni kwa khasulo. Mudzi wawo ndi umodzi mwa ija inasamutsidwa pamene likulu linkachoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Anakwera lole pamodzi ndi mbuzi, mitondo ndi akazi awo awiri: aakulu a Consolata, aang'ono a Naphiri. Munda utapita, anapeza ntchito ku Area 43 kwa bwana wina wa m'boma, kuthirira kapinga woti ngakhale mbuzi siiloledwa kulawa. Kupita wapansi, kubwera wapansi, mpaka zidendene zinang'aluka ngati dambo la m'chilimwe.

Chimene mtima wawo unkalira chinali ubatizo. A Consolata anabatizidwa kalekale, poti mkazi woyamba alibe mlandu. Koma a Goliati anakalambira m'kalasi ya katekisimu, mpaka ana amene anayamba nawo anakwatira n'kubatizitsa ana awo. Pasaka akayandikira, akatekisiti a Lemson ankawaitanira pambali.

"Achimwene, madzi alipo, sakutha. Koma mitala ndi ubatizo sizigona nyumba imodzi. Aang'onowo apite kwawo."

"Kwawo kuti, aphunzitsi? Pamudzi pawo pamera maofesi."

Nkhani inkathera pomwepo. Lamulungu ankakhala kumbuyo kwa tchalitchi, kuonerera anzawo akupita kukalandira Ukaristia.

Chaka china nthawi ya dzinja chibayo chinawagwetsa. Mpweya unkachita kukoka ngati chingwe cha pachitsime. A Consolata anathamangira ku Old Town kukaitana wansembe, n'kupeza wapita kumidzi pa njinga yamoto. Kunyumba kunatsala a Naphiri okha ndi wodwalayo, dzuwa lili pamutu.

"Naphiri, tunga madzi," anatero a Goliati. "Aphunzitsi anati munthu akamafa aliyense atha kumubatiza, ngakhale wakunja ngati iwe."

"Ananenanso kuti wamitala ayambe walonjeza. Ndinkamva ine, musaone ngati ndinkangosenda mtedza. Mukachira ndiye kuti ine ndichoke."

"Nkhope iyi ukuiona ngati yochira? Ndalonjeza. Thira, mayi, nthawi ikutha."

A Naphiri anatenga chikho. Anathira pamphumi katatu, akunena mawu amene amuna awo ankawanong'oneza: "Jobu, ine ndikukubatiza m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera." Dzinalo anasankha okha mayiwo, ati likuyenera munthu wa mavuto.

A Goliati anagona chagada, manja pachifuwa, machimo onse atatsukidwa, oyera ngati khanda la dzulo, kudikira angelo. Angelo sanabwere. Kunabwera thukuta, kenako tulo, kenako njala. A Consolata pofika ndi misozi yawo anapeza maliro aja akupempha phala la mchere.

A Lemson atamva anafunsa bwinobwino za madzi ndi mawu, kenako anagwedeza mutu. "Ubatizo wagwira. Sabwereza ndipo safufuta. Ndinu mwana wa Mulungu tsopano, a Jobu. Chatsala ndi lonjezo lanu."

Bambo aja anayesa kuzengereza. Akaona a Lemson akubwera ankathamangira pamphasa n'kuyamba kutsokomola, koma thupi linawakana, masaya akungodzaza. Amene anaitha nkhaniyo ndi a Naphiri. Tsiku lina m'mawa anamanga mapoto awo m'chitenje.

"Khala kaye, tiganize," anatero a Goliati.

"Mwaganiza zaka zonsezi. Madzi aja ndinathira ndekha, palibe anandigwira dzanja. Ndisawasandutse a m'bafa."

Anapeza kachipinda pafupi ndi msika wa ku Old Town n'kuyamba kugulitsa masamba. Wansembe anawadzoza a Goliati mafuta pamaso pa mpingo n'kuwafunditsa nsalu yoyera, amayi akuimba. A Consolata okha ndiwo sanaimbe. "Munthu wamkulu kulonjeza kufa, osafa," ankadandaula. "Tsopano nkhuni ndine, madzi ndine, kumva mkonono wanu tsiku lililonse ndinenso."

Kuyambira pamenepo a Goliati ankakhala kutsogolo. Misa ikatha ankazungulira njira yaitali yodzera kumsika, n'kuima patali pang'ono ndi benchi ya masamba, chipewa m'manja, ngati mlendo wofunsa njira.

"Mwadzuka bwanji, a Jobu?" ankafunsa a Naphiri, maso ali pa mpiru.

"Ndadzuka, mayi. Vuto lake ndi lomwelo."