Chala cha Dorika pa Roketi

Ndinaganiza zochoka chaka chimene ng'ombe zathu ziwiri zinafa ndi matenda a nkhupakupa mlungu umodzi. Ndinali nditaphunzira kusamala ng'ombe za mkaka ku Palabana, koma satifiketi sikamidwa. Ansembe a kumishoni kwathu anali ndi m'bale wawo ku Amereka, mlimi wokalamba dzina lake Haroldi, amene ana ake onse anali atathawira m'tauni, ndipo ankafuna munthu wodziwa ng'ombe. Ndinavomera tili chiimire pakhonde la tchalitchi. Mkazi wanga Esinati ndinamuuza zitatha kale.

"Ngati mwaganiza, yendani, bashi Dorika," anatero, kunditchula kuti bambo wa Dorika, uku akupitiriza kutongola chimanga. "Ise tizakhala."

Dorika, mwana wathu mmodzi yekhayo, anali ndi zaka zinayi. Tsiku lonyamuka anandiperekeza ali kumsana kwa amake mpaka ku Chongwe, pomwe ndinakwera basi ya ku Lusaka. Anali m'tulo, ndipo sindinafune kumudzutsa. Ndinati ndikakhala zaka ziwiri. Ndinakhala zisanu ndi chimodzi.

Ntchito inali yolemetsa koma sinandipweteke. Chinandipweteka ndi kukhala miyezi popanda wondiitana dzina la mwana wanga. M'nyengo yachisanu ndinkayankhula Chinyanja ndi ng'ombe, poopa kuti lilime lingaume. Ndalama ndinkatumiza kudzera kwa ansembe, ndipo mayankho ankalembedwa ndi akatekisiti, chifukwa Esinati salemba. Makalata onse anali ngati obadwa kwa mayi mmodzi: kuno kuli bwino, mvula yagwa, malata tagula, Dorika akukula. Nthawi zina ndinkamva pawailesi kuti ndege za ku Rhodesia zaphulitsa misasa m'dziko mwathu. Ndinkada nkhawa, koma kalata yotsatira inkati kuli bwino, ine n'kukhulupirira. Kunena zoona, ndinkafuna kukhulupirira.

Mdala Haroldi anali ndi misala yake imodzi. Lamulungu lililonse kukafunda, tikachoka ku Misa, ankatenga maroketi ang'onoang'ono amene ankamanga yekha n'kukawaulutsa m'munda momwe tamweta udzu. Poyamba ndinkamuseka mumtima, munthu wa imvi kusewera ndi zidole. Koma tsiku limene anandipatsa mawaya kuti ndiyatse ndekha, chinthu chija chitang'amba thambo n'kusowa, kenako kansalu kofiira n'kutseguka m'mwamba, ndinapezeka ndikufuula ngati mwana. Potsazikana anandipatsa bokosi lalitali, roketi yosamanga yaikulu kuposa zake zija, ndi mainjini atatu. Anati ndikamange ndi mwana wanga wamkazi.

Thiranki yanga inabwera pasitima ya pamadzi, kenako panjanji. Pochoka nayo ku Lusaka tinaimitsidwa katatu ndi asilikali. Pamlatho wa Chongwe mmodzi anatsegula bokosi lija, n'kutulutsa chubu cha katoni, n'kusuzumira mkati.

"Ivi ni vichani, mudala?"

"Ni chidole cha mwana, bwana."

Anandiyang'ana nthawi yaitali asanachiponye m'bokosi. Mainjini aja, ooneka ngati mabatire aakulu a tochi, anali m'masokosi pansi pa zovala, ndipo sanawaone. Ndinatuluka thukuta mpaka m'nsapato. Munthu wanzeru akadaphunzirapo kanthu pamenepo. Ine ndinangoti asilikali a masiku ano alibe ulemu.

Kumudzi kwathu ku Nkomeshya anandilandira ndi nthungululu. Koma Dorika, tsopano wa zaka khumi, wamtali ngati amake, anandigwadira patali n'kunena kuti, "Mwabwela, ba ankolo," kenako anakabisala kuseri kwa nkhokwe. Anthu anaseka. Ine ndinasekanso, koma mawu amenewo anandilasa. Masiku anapita, iye osandiyandikira. Ndikalowa m'nyumba ankatuluka. Madzi osamba ankasiya pakhomo la bafa n'kuthawa. Ndinalumbira mumtima kuti mwana ameneyu adzanditchula atate, zivute zitani.

Kwathu mlendo amapereka malonje, kenako amafunsa a eni mudzi. Ine anga ndinapereka milungu itatu yathunthu. Ndinafotokoza za chipale chofewa chogwa m'chisanu, za makina okamira, za misewu yodutsana m'mwamba, ndipo aliyense wobwera kudzandiona ankamva zonsezo kuyambira pachiyambi. Zofunsa kuti kuno mwakhala bwanji ndinkangofunsa pakamwa, ndisanamve yankho n'kuyamba kale za Amereka. Komanso kwathu munthu amene ali paulendo sauzidwa zoipa, ndipo wongofika kumene samutulira mitolo mpaka atakhala pansi n'kufunsa yekha. Iwo ankadikira kuti ndifunse.

Kuseri kwa nyumba ndinapeza dzenje lopapatiza, lalitali ngati mphasa, lakuya kufika m'chiuno. Ndinaliseka.

"Amake Dorika, nindani anakumba chimbuzi cha so? Olo manda si manda."

"Nine," anayankha Esinati.

M'mawa mwake ndinalikwirira kupitirira theka n'kubzalamo nthochi ziwiri, ndikudzitama kuti mwamuna wabwera pakhomo. Esinati anaima pakhomo la khitchini n'kundiyang'ana, kenako analowa. Dorika tsiku limenelo sanadye.

Roketi ndinayamba kuimanga pakhonde, dala, kuti mwana aziona. Ndinadula malo a mapiko atatu pachubu, n'kumata limodzi limodzi, ndikudikira kuti guluu aume ndisanagwire linalo, monga anandiphunzitsira Haroldi. Phiko likapendekeka pang'ono chabe, roketi imakhota n'kulondola anthu. Ndinamangirira chingwe cha parachuti mkati, ndinayesa mphuno yake kuti isathine komanso isakhwepe. Kenako inafika ntchito yotopetsa, kukwecha ndi sandipepa, kupaka, kudikira, kukwechanso, mpaka thabwa la mapiko litasalala ngati mbale. Tsiku loyamba Dorika ankaonera kunkhokwe. Lachitatu anali pamtondo. Pofika mlungu wachiwiri anali atakhala kumapeto kwa khonde, miyendo ili panja, wokonzeka kuthawa.

Utoto ndiwo unavuta. Masiku amenewo m'masitolo a ku Chongwe munalibe sopo kapena mafuta ophikira, nanji penti. Mnzanga wina wa ku Palabana anandigawira wotsala popenta mageti a makola, wobiriwira moderapo. Sindinaganize n'komwe kuti ndi mtundu wa magalimoto a asilikali. Nditapaka komaliza ndinaiimika kuti iume, inkandifika m'chiuno, n'kupita kukasamba m'manja. Pobwera ndinapeza chidindo cha chala chaching'ono paphiko limodzi, ndipo Dorika anali atabisa dzanja kumbuyo. Ankayembekeza mbama. Ndinati chala chimenecho chikhale pomwepo, ndiye siginecha ya mwini wake. Sanaseke, koma sanathawe.

Madzulo ake Esinati anandifunsa za phokoso lake akutsuka mbale.

"Chija chinthu chanu chimapanga chongo?"

"Pang'ono chabe. Monga mphepo."

"Osachiulutsa, bashi Dorika. Chiikeni chabe m'nyumba, anthu azichiona."

"Nanga roketi ni maluwa?"

"Mukauze ba Tcheyamani poyamba."

Ankanena wapampando wa nthambi ya Chipani m'dera lathu, amene ankayenera kudziwa mlendo aliyense ndi chachilendo chilichonse. Ine ndinati sindingapemphe chilolezo choseweretsa mwana wanga m'munda mwanga. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Ndinasankha Lamulungu lopanda mphepo, titachoka ku Misa. Chimanga chinali chitakololedwa. Ndinalambula mapesi pakati pa munda kuti moto usagwire, ndinazika ndodo yachitsulo yowongolera roketi, ndinapinda parachuti, ndinalowetsa injini, n'kukoka mawaya aatali mpaka pabatire ya galimoto imene ndinabwereka kumishoni. Anthu sindinawaitane chifukwa ndinkafuna kuwadabwitsa. Panali ine ndi Dorika basi, iye ataima kumbuyo kwanga, pafupi kuposa masiku onse. Ndinawerenga kuchokera pa faifi kutsika, ndipo ndinagunditsa waya.

Kumunda kwa Haroldi phokoso lija linkamveka laling'ono. Kwathu, masana a Lamulungu kuli zii, linang'amba mudzi wonse. Roketi inakwera mowongoka bwino, utsi woyera uli pambuyo, mpaka inasanduka kadontho. Ndinaona kansalu kofiira katatseguka ndipo ndinafuula kuti, "Ona, Dorika, ona!" Nditacheuka, panalibe munthu.

Kenako ndinamva chitsulo cha kusukulu chikulira mosalekeza. Amayi ankakuwa mayina a ana awo. Ndinaona anthu ovala za kutchalitchi akudziponya m'mizere, nkhalamba ina ikukwawa kulowa pansi pa ngolo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana kumwamba. Ndinathamangira kunyumba ndikuitana mwana wanga, ndipo ndinamupeza kuseri, m'dzenje lija ndinakwirira. Anali atagona chafufumimba pakati pa nthochi zanga, manja ataphimba mutu, nkhope ili m'dothi. Dzenjelo silinkamukwananso. Msana wake wonse unali poyera, ndipo Esinati anali atagona pamwamba pake kuti amuphimbe ndi thupi lake.

Ndinaima pamenepo waya ali m'manja. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Sipanatenge nthawi, a Tcheyamani anafika ndi amuna a Chipani onyamula zibonga ndi mfuti imodzi yakale. Anandigwira mikono n'kundikokera kumunda kwa a neba, komwe roketi inatera. Anthu anali ataizungulira patali, palibe wofuna kuyandikira. Inali itagona m'mapesi, yobiriwira ngati lole ya asilikali, fungo la wonga likumvekabe.

"Mwachoka ku bazungu na ichi chinthu," anatero a Tcheyamani. "Mwachipenta monga cha masoja. Manje mwaonetsa ndeke pamene tili. Munatumiwa na ndani?"

"Ni chidole chabe, ba Tcheyamani. Ni katoni na mapulanga."

"Chidole chimene chinunkha wonga? Muzakakamba ku masoja ku buliji ya Chongwe."

Ndinali nditamva kale kuti otengedwa ngati akazitape sankabwera msanga, ndipo ena ankabwera osayenda bwino. Ndinakumbukiranso mainjini awiri otsala m'masokosi. Wina anabwera ndi chingwe cha ng'ombe n'kuyamba kundimanga manja kumbuyo. Ndinayang'ana nkhope za anthu amene ndinakula nawo, ndipo sindinaonepo chidani. Anali ndi mantha okhaokha, ndipo zimenezo zinandiopsa koposa.

Sindinamuone Dorika akubwera. Ndinangomva amayi akukuwa kuti mwana, mwana, gwirani mwana. Anadutsa pakati pa amuna aja, diresi lake la Misa lili dothi lokhalokha, n'kukanyamula roketi ija ndi manja awiri. Anthu anabwerera m'mbuyo, ena anagonanso pansi. Iye anaibweretsa kwa a Tcheyamani n'kuloza paphiko.

"Si bomba iyi. Onani chala changa apa. Nenze kuona pamene benze kupanga. Ni ya batate banga."

A Tcheyamani anayang'ana chidindo chija, anayang'ana chala cha mwana chimene chinali chikadali ndi penti m'chikhadabo. Anaitenga roketiyo mosamala, n'kuona kupepuka kwake, n'kuifinya pang'ono, katoni n'kubonyoka. Anapuma mwamphamvu. Kenako anandilalatira pamaso pa mudzi wonse, mawu amene sindingalembe pano, ndipo onse anali ondiyenera. Anati apite okha kumlatho kukafotokoza asilikali asanabwere, ndipo mainjini otsalawo ndiwaviike m'ndowa ya madzi iwo akuona. Ndinawaviika.

Anthu atabalalika ndinakhala pansi pakhonde, osati pampando, n'kumuuza Esinati kuti, "Amake Dorika, niuzeni manje. Munakhala bwanji?" Anandiyang'ana ngati akufuna kuona ngati ndidikiradi yankho. Ndinadikira. Anayambira mlungu umene ndinachoka. Anandiuza za tsiku limene ndege zinadutsa mmunsi mpaka malata atsopano aja ananjenjemera, za utsi umene unaoneka tsidya la mapiri, za ana a sukulu kuphunzitsidwa kugona pansi akamva chitsulo. Dzenje lija analikumba yekha masiku atatu, ndipo iye ndi Dorika analowamo kangapo. Akatekisiti ankamufunsa ngati alembe zimenezi m'kalata, iye ankakana. "Mukanachita chani kuja? Mukanangodwala na maganizo." Ine ndinkaganiza kuti amene anavutika pabanja pathu ndi ine, chifukwa ndinkayankhula ndi ng'ombe m'chisanu.

Roketi ija ilipo mpaka lero, pamwamba pa kabati kunyumba kwa Dorika ku Lusaka, yobonyoka pakati, ndipo sinaulukenso. Adzukulu anga akaifunsa amawauza kuti ndi chidole cha agogo awo, zina zonse amasiyira ine.

M'mawa mwa tsiku lotsatira Lamulungu lija ndinazula nthochi zija n'kuyamba kufukula dzenje. Dothi linali lofewa, koma ndinkagwira ntchito pang'onopang'ono, mutu uli pansi. Nditafika pomwe Esinati analekezera ndinaponya khasu kunja kuti ndituluke. Dorika anali ataima m'mphepete ndi kapu ya madzi. Anandipatsa m'manja, osati kuisiya pansi monga ankachitira. Kenako anayenda mapazi angapo kupitirira pomwe dzenje linathera, n'kulemba mzere padothi ndi chala chakuphazi.

"Batate, mukumbe kufika apa," anatero. "Manje tili batatu."