Denga Lalifupi la Galimoto ya Agogo

Tinanyamuka kwathu m'munsi mwa Michesi cha m'ma 7 m'mawa, ine ndi Tadala kumpando wakumbuyo, bambo ake pa chiwongolero. Mwanayu ali ndi miyezi isanu, ndipo anali atatha masiku atatu akutsokomola, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka. Ine ndinkafuna tipite kuchipatala pa minibasi. Bambo a Tadala akuti ayi, tipite pa galimoto ya malemu agogo awo, ija anapatsidwa ku esiteti kalekale, poti telala wa pa Boma wamaliza kusoka denga lake la lona, lochita kuvula ndi kuveka ngati malaya.

"Pobwera mukhala ngati muli m'nyumba, mayi a Tadala."

Nanga popita? Pamwamba pali zitsulo zitatu zokhota basi, ngati nthiti za ng'ombe. Kutsogolo mpando ndi umodzi, pambali pake pali bowo loonera msewu. Ndinamufunditsa mwana zitenje ziwiri, maso anga ali kuphiri kumene mitambo inali itayamba kale kusonkhana.

Tisanafike pa tala galimoto inawira. Tinaima pa mjigo, mayi wina n'kutibwereka ndowa, akufunsa, "Achimwene, kuchipatalako mukuperekeza mwana kapena galimotoyi?" Onse anaseka, ndi bambo a Tadala omwe. Ine ndinkangomvetsera kupuma kwa mwana.

Pa Boma tinafika 9 koloko itadutsa. Ndinawasiya bambo a Tadala kwa telala uja, a Likhutcha, n'kukwera kabaza wa K700 kupita kuchipatala. Mankhwala tinalandira, ndipo anesi anandiuza kawiri konse kuti mwanayu asanyowe, asazizidwe. Pa geti ndinagula zitumbuwa ziwiri, n'kumadya ndikuyenda.

Nditabwerera masana ndinapeza amuna anayi akukoka lona, awiri uku awiri uko, thukuta lili kamukamu. Lona lake labwino ndithu, lobiriwira, timabowo tachitsulo m'mbali, kawindo ka pulasitiki komwe. Koma akalimanga kutsogolo pa galasi, kumbuyo linkaperewera ndi mkono wathunthu. Ndendende pokhala ine ndi mwana!

"Ine ndinasoka muyeso umene munabweretsa, bwana," anatero a Likhutcha. "Si uwu?"

Anatulutsa lamba wa chubu, uja timamangira nkhuni pa njinga, ali ndi mfundo zitatu. Kani bambo a Tadala anayeza galimoto ndi mphira! Kunyumba anaikoka mpaka kumbuyo n'kumanga mfundo, itafika pa tebulo la telala inabwerera mwakale.

"Inunso mukanafunsa," anatero bambo a Tadala.

"Ndifunse kuti mphira imatanuka? Lona lina ndikagula ku Limbe Lachisanu."

Apo mabingu anagunda cha ku Mulanje. Ndinaganiza za minibasi, koma imatisiya pa tala, kutsala ola lathunthu la miyendo. Mwana anatsokomolanso.

"Masulani kutsogoloko," ndinangodzimva ndikunena. "Mulimange kuyambira kumbuyo."

"Nanga ineyo?"

"Inu simukutsokomola."

A Likhutcha anaseka mpaka tepi inagwa pakhosi, koma anatenga zingwe n'kulimanga kuyambira kumbuyo mpaka pa chitsulo choyamba, kumusiya dalaivala panja.

Mvula inatipeza titangochoka pa tala, yamphamvu, ya mphepo. Ndinadzipanikiza pakona, mwana pachifuwa, dzanja limodzi litagwira lona poti linkafuna kuuluka. Kutsogolo madzi ankatsikira bambo a Tadala m'kolala, iwo akupukuta galasi ndi chipewa. Sanatembenuke n'kamodzi komwe.

Tinafika 3 koloko. Ndinamasula zitenje, kugwira mutu, kugwira msana, mapazi: wouma yense, ali mtulo. Bambo ake anaima pakhonde akufinya malaya, mano akugundana, n'kufunsa motsitsa, "Sananyowe?"

Ndinati ayi, sananyowe.

Zaka ziwiri za banja ndinali ndisanawayankhepo pagulu. Koma ndaona kuti chofunda chikachepa, wina ayenera kunena msanga amene afunde, mvula isanayambe. Akadikira amuna amalize kukangana, mwana anyowa.