Apongozi Anga ndi Mabokosi Atatu a Sipika

M'zaka za m'ma 1950 ndinali kalipentala pa esiteti ina ya tiyi kunsi kwa phiri la Mulanje. Ntchito yanga inali zitseko, mafelemu a mawindo ndi mabokosi otumizira tiyi kunja. Wina akamwalira ku malaini, ndinkakhomanso lake. Za zoimbira sindinkadziwa kanthu, kupatula galamafoni yopukusa ya kapitawo wathu, imene inkatopa nyimbo isanathe.

Tsiku lina bwana injiniya wa fakitale anandiitanitsa kunyumba kwake. Anali mzungu wowonda, wosakwatira, wolankhula Chinyanja chothyokathyoka. Pakhonde panali chibokosi chochokera kwawo, chimene chinatsika sitima pa Luchenza. Anatulutsamo zinthu zitatu. Choyamba chinali makina ozungulitsa mbale za nyimbo. Chachiwiri chinali chitsulo cholemera chokhala ndi timabotolo toyaka m'kati magetsi akalowa, ndipo ankachitcha ampulifaya. Chachitatu chinali ngati lichero la pepala lakuda, kumbuyo kuli maginito aakulu. Imeneyo ndiye inali sipika.

"Ichi alibe nyumba," anatero bwanayo. "Iwe panga nyumba."

Anandipatsa pepala lojambulidwa. Bokosilo linkafunika kufika m'chiuno, makoma ake awiriawiri, pakati pa makomawo mchenga. Ndinafunsa kawiri ngati ndamva bwino. Anati mchenga umaletsa matabwa kunjenjemera, kuti woimba yekha ndiye aziimba, osati bokosi. Sindinatsutse. Ndinali nditakhomerapo kale mzungu wina kanyumba ka galu kokhala ndi khonde.

Loyamba ndinalipanga ndi mkungudza, matabwa amene ocheka ankatsika nawo pamutu kuchokera ku Chambe. Mchenga tinakatapa mumtsinje wa Likhubula, tinautsuka, kuuyanika pamalata, n'kuusefa. Linanditengera milungu itatu, ndipo kulilowetsa m'nyumba tinalinyamula anthu anayi, wachisanu akutiuza mopita.

Bwanayo ankamvera Loweruka masana. Anali atalemba ndi choko pansi pomwe miyendo ya mpando wake izikhala, ndipo mbale inali imodzimodzi nthawi zonse, ya mayi wina wakwawoko woimba mokweza kwambiri. Anamvera atatsinzina, kenako anapukusa mutu. Anati mawu akugona. Ndipange lina, la mlombwa.

Bokosi lachiwirili ndi limene linandichimwitsa. Mvula inali itayamba, mchenga sunkauma, bwana tsiku lililonse ankabwera kushopu yathu ya ukalipentala kudzafunsa. Nditathira m'makoma, unaperewera pakona yakumtunda, dzanja lamanzere, malo ngati a chitini chimodzi. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinawola utuchi pansi, kuutsendera pamenepo n'kukhoma thabwa. Ndinaganiza kuti m'kati mwa khoma simulowa munthu.

Bokosi lachitatu anangoti ndilikhome mwachangu ndi mapulayi a mabokosi a tiyi, lopanda mchenga, longoyerekezera. Kenako anagula masipika ena awiri kuti lililonse likhale ndi yake, ndipo chipinda chochezera chinadzaza. Loweruka lililonse ine ndinkasuntha waya kuchoka pa bokosi ili kupita pa ilo, iye akumvera. Akandifunsa labwino ndi liti, ndinkati onse ndi abwino, bwana. Akhukhi ake, bambo achikulire a ku Phalombe, ankayankha chimodzimodzi. Tonse tinali ndi ana.

"Aliyense chabwino bwana, chabwino bwana," anadandaula tsiku lina. "Palibe munthu ali ndi khutu?"

Munthuyo anamupeza yekha pamsika wa Chinakanaka, atapita kukagula miphika yobzalamo maluwa. Anasankha mtsuko wosalala bwino, koma mayi wogulitsayo anaugogoda ndi chala, n'kuulanda, nati sagulitsa chifukwa uli ndi mng'alu m'kati. Bwanayo anautembenuza paliponse, mng'alu osauona. Anathiramo madzi, ndipo patapita kanthawi kunsi kunayamba kuchita thukuta. Anafunsa akhukhi kuti mayiyo ndani. Akhukhi anati ndi apongozi a kalipentala.

Lolemba anandiuza kuti Loweruka ndibwere nawo.

Apa panali vuto limene sindikanatha kulifotokoza m'Chinyanja chake. Ine ndinali mkamwini kumudzi kwa mkazi wanga, ndipo kumeneko mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anizana kapena kulankhulana pamaso. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'munda wa chinangwa mpaka mnzake adutse. Zaka zinayi ndinkawadziwa msana ndi mawu basi. Sanali okalamba, ankaumba mbiya ndi kulima okha, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kudimba.

Mkazi wanga ndiye anakawauza. Anayankha kuti apita, chifukwa sanalowepo m'nyumba ya mzungu ndipo ankafuna kuona ngati n'zoona kuti chimbudzi chili m'kati. Loweruka iwo ndi mkazi wanga anadzera njira ya m'tiyi, ine ndinadzera kumsewu.

Atalowa anakana mpando wa pachoko paja. Anakhala pansi, miyendo atatambasula, nkhope kukhoma, msana kwa ine ndi mabokosi. Mkazi wanga anakhala pambali pawo. Bwanayo anasangalala kwambiri. Anati mayiwa akudziwa kuyesa, safuna maso awanamize, ndipo anthu ophunzira kwawo amachita chimodzimodzi. Ine ndinati inde bwana.

Mawu ankayenda chonchi: apongozi auza mwana wawo m'Chinyanja chosakaniza ndi Chilomwe, mwana wawo auza ine, ine ndiuza bwana. Ndinalumikiza waya pa bokosi la mkungudza, mayi wa m'mbale uja n'kuyamba.

Apongozi anamvera pang'ono. "Wamwalira ndani?"

Ndinafunsa bwana. Anati palibe, ndi nyimbo ya chikondi.

"Chabwino," anatero apongozi. "Koma akuimbira m'nkhokwe. Auze amutulutse."

Ndinauza bwana kuti akuti mawu akumveka patali pang'ono. Analemba m'kabuku. Ndinasunthira waya pa la mapulayi. Apo apongozi sanadikire n'komwe.

"Ili ndi debe. Ukathiramo madzi lisiya."

Kenako la mlombwa. Apongozi anamvera mutu atapendeketsa. Nyimbo itatha anati ibwerezedwe. Itafika pamene zoimbira zikuluzikulu zimagunda, anakweza chala.

"Ili ndiye lapsa bwino. Koma lili ndi bala. Likulira kawiri, mayiyo kwake, ilo kwake."

Mkazi wanga anandiuza mawu onsewo osachotsapo. Ine ndinati kwa bwana, akuti ili ndi labwino. Koma iye anali atamva liwu loti bala, poti ankalimva kawirikawiri kufakitale. Anafunsa kuti bala lili pati.

Apongozi anadzuka, anakokera mpango kumaso mbali imene ndinaima, n'kuyenda cham'mbali ngati nkhanu mpaka pabokosipo. Ine ndinatembenukira kuwindo, monga mwa ulemu. Ndinangomva chala chikugogoda. Pansi, pakati, mbali iyi, mbali iyo, paliponse mawu ogontha. Kenako pakona yakumtunda, dzanja lamanzere, panamveka phwo phwo.

"Apa," anatero. "Afunse amuna akowo anaikapo chiyani."

Mkazi wanga anandifunsa. Ndinayankha ndikuyang'ana maluwa panja kuti utuchi. Anauza amayi ake kuti utuchi, ngakhale anali atamva okha. Kwa bwana sikunafunike womasulira, chifukwa anali atatenga kale hamala n'kuzula thabwalo, utuchi uli mbwee pamkeka wake wa ubweya.

Ndinkayembekeza kuti ntchito yandithera. Bwanayo anayang'ana utuchiwo, anayang'ana ine, kenako anayamba kuseka mpaka kukhala pansi. Anati miyezi iwiri wakhala akuganiza kuti makutu ake awonongeka ndi makina a kufakitale, moti anali atalembera kale dokotala wa ku Blantyre. Ananditumiza kushopu kukatenga mchenga wotsala, umene tsopano unali utauma. Ndinathira, ndinatsendera, ndinakhoma, apongozi ali kukhoma kwawo kuja akudya nthochi imene akhukhi anawapatsa.

Podikira, bwana anawabweretsera zomvera zovala kumutu, zija za timbale tiwiri totseka makutu, zimene anabwera nazo kuchokera kunkhondo. Mkazi wanga anawaveka pamwamba pa duku. Sanathe nazo mphindi.

"Chotsa. Munthu aziimbira m'kati mwa mutu wanga ngati ndagwidwa mizimu?"

Bwana analembanso m'kabuku. Sindikudziwa analemba chiyani, chifukwa ine ndinamasulira kuti zikuwathina.

Bokosi litakonzeka tinaimbanso mayi uja. Apongozi anati bala latsekeka, koma sangaweruze bwino munthu amene sakumva chimene akulirira. Palibe wina woimba zomveka? Bwana analibe. Akhukhi ndi amene anati ali ndi mbale imodzi kunyumba kwawo kuseri, imene mphwawo anabwera nayo kuchokera ku Halale. Wa m'mbalemo anali munthu wa kwathu konkuno, woimba ndi gitala, Chilomwe chokhachokha. Mbaleyo tonse tinkaidziwa, inali itazungulira malaini onse pa galamafoni ya kapitawo, ndipo tinkaganiza kuti tinaimva.

Bwana anaipukuta ndi kansalu, anasintha singano, n'kuiika. Nyimbo isanayambe panamveka mpando kulira, munthu akukhala. Kenako anakonza kukhosi, kamodzi, n'kupuma. Zimenezi pa galamafoni yopukusa sizinkamveka. Zinamveka pafupi kwambiri, ngati munthuyo wakhala pakati pa ine ndi kabati.

"Walowa ndani?" anatero apongozi, n'kutembenuka thupi lonse.

Sanapeze mlendo. Anapeza ine, nditagwada pambali pa bokosi, hamala ili m'manja, misomali iwiri ili pakamwa. Tinayang'anizana. Ndikanayenera kugwetsa nkhope, iwonso akanayenera kukoka mpango, koma tonse tinachedwa, ndipo mwambo wa zaka zinayi unathera pomwepo gitala ikuyamba. Ndinaona kuti ali ndi mphini ziwiri patsaya ndi maso a mkazi wanga. Nkhope yanga inatentha ngati ndaima pa ng'anjo youmitsira tiyi.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumawondo, osafulumira. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Ndinkayesa ndi wamkulu thupi," anatero. "Mmene amapondera muja."

Bwana anafunsa kuti akuti chiyani. Ndinalavula misomali m'dzanja, ndinati akuti bokosi la mlombwa ndiye lenileni, ena awiriwo achotsedwe. Aka kanali koyamba tsiku limenelo kumasulira zabodza zimene zinalinso zoona. Apongozi sanabwererenso kukhoma. Anamvera nyimbo yonse akuyang'ana bokosilo, milomo ikutsatira mawu, ndipo itatha anapempha kuti akachione chimbudzi chija. Akhukhi anawaperekeza. Mpaka lero sindidziwa maganizo awo pa nkhani imeneyo.

Pobwerera tinadzera njira imodzi, iwo patsogolo, mkazi wanga pakati, ine pambuyo. 

Nkhani inafika kwa amalume a mkazi wanga tsiku lomwelo. Anati zaonekazo zaoneka, sitingabwezere maso m'mbuyo, chofunika n'kungotsiriza mwadongosolo. Lamlungu lotsatira apongozi anapha nkhuku, anaphika ndi nyemba za kalongonda, anandiitana kukhonde kwawo, n'kundipatsira okha m'manja. Ine ndinawapatsa nsalu. Kuyambira pamenepo tinaloledwa kulankhulana.

Anzanga kushopu ankati ndachita mwayi, ena amadikira mpaka ana atatu. Iwo sankadziwa kuti munthu amene wakhala chete zaka zinayi amakhala atasunga zambiri. Sabata yoyamba anandiuza za mizere yanga ya kumunda, kuti imakhota ngati ndinkalima ndikuthawa njuchi. Yachiwiri anandiuza za denga la khitchini. Anandiuzanso kuti dzina limene ndinapatsa mwana wathu woyamba silinawasangalatse, koma poti mwanayo analizolowera, alisiya.

Bwana injiniya anawaitanitsanso kawiri, pamene anagula singano yamtundu wina ndi pamene anasintha timabotolo ta mu ampulifaya. Maulendo amenewo ankakhala pampando, n'kumauza ine mwachindunji, ndipo ankadikira kuti aone ngati nkhope ya bwana ikugwirizana ndi zimene anena. Ikapanda kugwirizana ankabwereza mokweza. Za singano anati yakale inali bwino. Bwana anabwezeretsa yakale.

Madzulo ena ndikuchokera kuntchito ndinawapeza akusalaza mbiya pabwalo. Ndinawapatsa moni, anayankha, kenako anandiimitsa.

"Bambo, kanyimbo kamene mumaimba ndi mluzu mukamatsika pamtunda apo."

Ndinati inde amayi.

"Pakati pake mumatsika msanga. Tsiku lililonse, malo omwewo. Ndinkati mwina mudzazindikira nokha."

Ndinafunsa kuti kamayenera kuyenda bwanji. Anapukuta manja pachitenje, anakaimba kamodzi ndi pakamwa, n'kubwerera ku mbiya yawo. Ndinayesera pomwepo. Anati ndiyesenso mawa.