Fulasiki Yofiira ya Ba Violet

Aliyense amene anagonapo m'chipatala kuno ku Kafue zaka makumi awiri zapitazi amaidziwa fulasiki yofiira ya ba Violet Muleya. Lachinayi ndi Lamlungu, nthawi yoona odwala ikakwana, ankalowa m'wodi ndi fulasikiyo kukhwapa, yodzaza phala, supuni atakulunga m'kansalu. Sankafunsa kuti wodwala ndi wa tchalitchi chiti. Akaona munthu wopanda womusamalira, ankakhala pabedi pake n'kuyamba kumukalipira mwachikondi: "Yasama iwe! Ufuna kufa na njala monga ulibe bantu?"

Anabadwira ku Chanyanya, kwa bambo wa bwato ndi maukonde. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, amayi awo anamwalira m'chipatala ku Lusaka, kopanda wachibale pafupi. Mayi wina amene anagona nawo wodi imodzi anadzauza ba Violet kuti mbale ya nshima inkakhala pambali pa bedi mpaka kuuma, chifukwa manja a wodwalayo sankatha kunyamula. Nkhani imeneyi anandiuza kamodzi kokha, tikutsuka makapu kutchalitchi, ndipo sanaibwerezenso.

Anakwatiwa ndi munthu wa kufakitale ya nsalu n'kusamukira ku Nangongwe, nyumba yachitatu kuchokera pa yanga. Fakitale itatsekedwa, mwamunayo anapita ku Kitwe kukafuna ntchito ndipo sanabwerere. Ba Violet anabwerera ku nsomba. Ankagula ku Chanyanya, n'kuzing'amba, kuzithira mchere, kuziyanika padenga, n'kukagulitsa pamsika. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lemmy, anakulira pa nsomba zimenezo mpaka anakhala dalaivala wa mathiraki. Kukiliniki anawapeza ndi bipi yokwera ndipo anawapatsa mapiritsi. Anamwa miyezi iwiri, mutu utasiya kuwawa anawaika pamwamba pa kabati. "Mankhwala ni ya odwala," anandiuza. "Ine mwaniona nadwala?"

Lachiwiri lina mu Ogasiti chaka chathachi, anagwa pamsika akupatsa munthu nsomba. Pamene ndinafika kuchipatala, pakamwa pawo panali patapotokera kumanzere, dzanja lamanja lili lende, mawu akutuluka osamveka. Adokotala anati ndi sitiroko. Lemmy anali kuboda ndi katundu, sakanafika msanga, choncho wokhala pabedi ndinakhala ine.

Masana omwewo kunabwera nesi wina dzina lake Towela, atanyamula kapu ya madzi, supuni yaing'ono ndi fayilo. Anati pali kafukufuku amene akuchita ndi madokotala a ku Lusaka, wofuna kudziwa chifukwa chake anthu ena amapulumuka sitiroko yeniyeniyo koma n'kumwalira patapita sabata imodzi kapena ziwiri. Anafotokozera ba Violet pang'onopang'ono, iwo anagwedeza mutu kuvomera, ndipo Lemmy anavomeranso pafoni. Kenako anawakhazika tsonga n'kuwapatsa madzi supuni imodzi, zala zake zili pakhosi pawo. Supuni yoyamba inapita. Yachiwiri anakhosomola mpaka misozi. Sisita Towela anawauza kuti anene "aa", ndipo mawu anatuluka ngati a munthu amene akuchukucha madzi kukhosi.

"Mwamva, amayi?" anandifunsa. "Sitiroko simagwira dzanja ndi mwendo zokha. Imagwiranso pakhosi. Munthu amaoneka ngati wameza, koma chakudya chalowera kumapapo. Pakapita masiku awiri kapena atatu thupi limatentha, chifuwa chimadzaza, ndiye chibayo. Ambiri chimawatenga ndi chimenecho."

Anamata pepala kumutu kwa bedi, lolembedwa kuti wodwalayu asapatsidwe kanthu pakamwa. Anati adzawaika kapaipi m'mphuno kopitira phala lamadzimadzi ndi mankhwala, ndipo tsiku lililonse adzabwera ndi supuni yake kudzayesanso. "Ngakhale akulirireni, musawapatse. Ngakhale madzi."

Ndinavomera. Mawu ochukucha aja ndinali nditawamvapo. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo amuna anga, ba Abel, anagona m'wodi ya amuna ndi matenda omwewa. Tsiku lachinayi anayamba kugwedeza zala za kuphazi, tonse tinayamika Mulungu. Tsiku lomwelo ba Violet anabwera ndi fulasiki yofiira. Ine ndinagwira mutu wa amuna anga, iwo anagwira supuni. Ba Abel akakhosomola, ba Violet ankawamenya pang'ono pamsana n'kunena kuti, "Yangena iyo, ina futi." Anamaliza kapu yonse. Patapita masiku atatu thupi linatentha, ndipo Lolemba lotsatira tinali pamaliro. Tonse tinati sitiroko inabwereranso. Sindikudziwa ngati linali phala lija, ndipo palibe amene angandiuze tsopano. Koma kuchokera masana amenewo sindinathe kuyang'ana supuni bwinobwino.

Lachitatu linali lovuta. Milomo ya ba Violet inauma n'kusweka. Ndinkainyowetsa ndi kansalu monga anandisonyezera Sisita Towela, koma iwo ankafuna kuyamwa kansaluko, ndipo ndikakachotsa ankandiyang'ana ndi diso laukali. Kapaipi kaja anayesa kukazula kawiri ndi dzanja lamanzere. Kwathu kuno anthu amati munthu akaikidwa paipi m'mphuno ndiye kuti achipatala amutaya, ndipo ba Violet ankakhulupirira zimenezo kuposa wina aliyense.

Lachinayi ndi tsiku la amayi a chigwirizano cha kutchalitchi kwathu loyendera odwala. Ndinalidziwa bwino, koma ndinaganiza kuti ndikhala nditabwerera nthawi ya alendo isanakwane. Ndinapita kuseri kukachapa zitenje za wodwala, ndipo pampopi panali mzere. Ndikubwerera ndi beseni ndinamva nyimbo m'wodi.

Anali amayi asanu ndi awiri, onse m'mabulauzi oyera, atazungulira bedi. Ba Gwendolyn, amene amatsogolera chigwirizano chathu, anali atakhala pamene ba Violet ankakonda kukhala pamabedi a ena. Anali atapita kunyumba kwa ba Violet kukatenga fulasiki yofiira yomweyo. Pepala la kumutu kwa bedi linali litaphimbidwa ndi chikwama cha wina. Ba Violet anali chigonere chagada, pachibwano pali phala, akukhosomola.

"Ba Gwendolyn, imani," ndinatero.

"Aa, amake Daliso, mwabwela. Imwe, masiku yabili munthu alibe kudya? Onani milomo mwamene yaumila."

"Akudya. Chakudya chikupita m'paipimo."

"Paipi!" anaseka, ndipo ena anaseka nawo. "Ni motoka uyu, bazimuthila petulo? Uyu muzimai adyesa Kafue yonse. Lelo agone na njala ise tilipo? Mulungu azatifunsa."

"Mwawapatsa masupuni angati?"

"Imozi chabe. Manje iyi ni yachibili. Yasamani, ba Violet, ni phala yanu yamene munatiphunzisa, ya nshawa."

Ndinayang'ana kukhomo. Sisita Towela anali kuwodi ina, ndipo nesi wa tsikulo anali kumapeto kwenikweni, akusintha diripu ya munthu. Supuni inali itafika kale pamlomo, ndipo ba Violet anali atayasama. Njala inali kuoneka m'maso mwawo.

Sindine munthu wogwira anthu. Zaka zonse za m'chigwirizano sindinatsutsepo ba Gwendolyn ngakhale pa nkhani ya maluwa a paguwa. Koma ndinaika beseni pansi n'kuwagwira pamkono. Phala linatayikira pabulangete.

Nyimbo inaima. Odwala a mabedi ena anadzutsa mitu.

"Amake Daliso," anatero ba Gwendolyn motsitsa mawu, "mwanigwila ine? Pamenso pa bantu? Kapena muli na chifukwa chanu chamene simufuna munzanu adye?"

Ndinadziwa chimene mawu amenewo adzakhale akafika ku Nangongwe madzulo: mkazi wamasiye amene anamana mnzake chakudya mpaka kufa. Kufotokoza za mapapo sikukanathandiza, chifukwa onse anali ataona anthu ambiri akudyetsedwa n'kuchira. Ndinali ndi chinthu chimodzi chokha chimene akanamvera, koma kuchinena chonse kunali kuika mlandu pa munthu amene sakanatha kuyankha.

"Ba Abel munawaona nonse," ndinatero. "Anayamba kuchira. Ndinawadyetsa phala ali chigonere, ngati mmenemu. Anakhosomola ngati mmene akukhosomolera awa. Ndinapitiriza, chifukwa ndinkawakonda. Masiku atatu thupi linatentha. Asisita andiuza kuti pakhosi pakagwidwa, phala limapita kumapapo. Ndinawadyetsa ine, ndi dzanja langa. Sindichitanso kawiri."

 Ndinkayang'ana pansi, koma ndinamva bedi likugwedezeka. Ba Violet anali kundiyang'ana. Kulankhula kunali kutawachokera, koma nzeru zinalipo zonse, ndipo ankadziwa bwino dzanja limene linagwira supuni tsiku lija.

Ba Gwendolyn anatunganso phala. "Zamene izo ni za Mulungu, osati za phala. Tiyeni tifunse mwine wake. Ba Violet, mufuna kudya, ai?" Anasendeza supuni.

Ba Violet anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatseka pakamwa, mbali imene inkatsekeka, n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Dzanja lamanzere linafufuza pabulangete mpaka linapeza fulasiki, n'kuikankhira kutali.

Amayi anapemphera mwachidule n'kutuluka. Ba Gwendolyn sananditsanzike.

Ndinathamanga kukauza Sisita Towela za supuni imodzi ija. Sanakalipe. Anamvetsera chifuwa, analemba m'fayilo, n'kunena kuti tidikire masiku atatu. Ndinakhala masiku amenewo dzanja langa lili pamphumi pa ba Violet. Loweruka m'mawa thupi linafunda, mpweya ukutuluka mothamanga, ndipo ndinaona Lolemba la ba Abel likubweranso. Koma popeza achipatala ankadziwa chimene akuyembekezera, anayamba jakisoni ola lomwelo. Lemmy anafika masana n'kupeza amayi ake akubuula. Lamlungu kutentha sikunakwere. Lolemba kunatsika.

Tsiku la khumi ndi chimodzi Sisita Towela anabwera ndi supuni yake monga mwa masiku onse. Yoyamba inapita, yachiwiri, yachitatu. "Nenani aa." Mawu anatuluka ouma, oyera. Ba Violet anayamba ndi phala lolimba pang'ono, atakhala tsonga, chibwano chili pansi, ndipo patapita masiku awiri kapaipi kanachotsedwa.

Lero ba Violet amayenda ndi ndodo, mwendo wamanja ukukwekwereza. Nsomba anasiya, mchere anachepetsa, ndipo mapiritsi anatsika pakabati, amakhala pafupi ndi Baibulo. Mawu anabwerera pang'ono, ochepa ndi olemera. Za ba Abel sitinakambiranepo. Tsiku lina lokha, ndikuwathandiza kuvala nsapato, anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Supuni. Ine." Ndinati, "Tonse awiri," ndipo ndinamanga zingwe.

Mwezi wathawu anandituma kuti ndikawatengere fulasiki kwa ba Gwendolyn. Lachinayi tinakwera minibasi kupita kuchipatala. Pabedi la pafupi ndi khomo la wodi panagona bambo wina wa ku Shimabala amene anabwera naye dzulo lake, pakamwa patapotoka, mkazi wake akutsegula kale botolo la munkoyo, chakumwa chonga thobwa, kuti amumwetse. Ba Violet anaima, anandipatsa fulasiki kuti ndigwire, n'kukweza ndodo kuloza mayiyo.

"Yembekeza," anatero. "Itana sisita. Ayese madzi."