Maswiti a Luisa m'Mbale ya Madzi

Luisa anafika kwa Mponda mu 1988 kuchokera ku Mozambique, nkhondo itamulanda mwamuna ndi nyumba. Atagwira maganyu anagula botolo lalikulu la maswiti n'kuyamba kugulitsa pa mpanda wa sukulu ya pulayimale. Iye ndi ana ake awiri ankadyera botolo limenelo.

Tsidya la msewu kunali golosale ya a Amidu, munthu woti mnzake akamadya iye mimba imamupota. Ana atayamba kuthamangira kwa Luisa, a Amidu anapita kwa ahedi.

"Taonani malilime a anawa, kufiira psuu," anatero. "Mayi wothawa nkhondoyu amanyika maswiti mu utoto wa nsalu. Atiphera ana."

Ahedi sanafunse n'komwe, anangomuthamangitsa Luisa anthu akuona. Ine woyandikana naye nyumba ndinapsa mtima kuposa mwini wake, chifukwa Luisa ndi a Amidu onse ankapikula maswitiwo kwa munthu mmodzi kuboma.

Pansi pa botolo panatsala maswiti osweka ndi omatana. Luisa anaitana ana asukulu aja pakhonde, anawandanda maswitiwo m'mphepete mwa mbale yoyera n'kuthira madzi pang'ono. Mitundu inayamba kuyenda yokha kulowera pakati. Anawaonetsa kuti m'madzi ofunda imathamanga, m'madzi a mumtsuko imachita ulesi. Kenako anadontheza madzi a switi yobiriwira pa kapepala koyera n'kunyika nsonga yake m'madzi. Madzi atakwera, kubiriwira kuja kunagawikana, kwina chikasu, kwina buluu.

"Switi iliyonse imatero," anawauza anawo. "Kayeseni ndi za kugolosale, mukawaonetse amayi anu."

Ndinamukokera pambali. "Achemwali, mukatero ndiye kuti ndi inu nomwe simudzagulitsanso. Bwanji tikapepese kwa ahedi? Mwina akubwezerani malo."

"Ndikapepese chiyani?" anayankha. "Ine ndinataya kale mudzi wonse. Bambo a golosale aja sanatayepo kanthu. Alaweko."

Sabata isanathe, pakhomo lililonse panali mbale ya madzi ofiira, ndipo maswiti ochucha utotowo anali a kugolosale. Makolo analetsa ana kupondako. Ena anasiya kugulako ngakhale shuga, ati wothira utoto m'maswiti sangalephere kuthira china m'thumba. A Amidu analumbira kuti utotowo ndi wa chakudya, suvulaza. Zinali zoona, koma akanawamvera ndani poti anali iwo omwe anati umapha? Kunena mosabisa, ine zinandikoma.

Ahedi analetsa maswiti onse pasukulu. Luisa anayamba ganyu yoyanika usipa kudoko, ndipo masiku ena ana ake ankagona ndi njala. Tsiku lina ndinamufunsa ngati sakudandaula.

"Anawa akamalira ndimadandaula," anatero. "Koma m'mawa uliwonse ndimalambalala njira yachidule kuti ndidzere pagolosale paja. Ndimawapeza a Amidu ali okha, akuingitsa ntchentche, ndipo ndimawapatsa moni mwaulemu."