Matimati Amene Anadikira Mlendo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha njinga. Ndinali nditamaliza Fomu 4, ndikungothandiza mayi kugulitsa mandasi pa Nsanama, ndipo tsiku lina tayala linaphwa pafupi ndi shedi yatsopano ya bungwe lina lothandiza alimi a kudimba. Ndikudikira wokonza njinga, ndinawerenga pepala lomwe anakhoma pachitseko. Ankafuna munthu wodziwa kulemba komanso kuyankhula Chiyao, woti azilandira matimati kwa alimi. Chiyao ndinachita kuyamwira. Lolemba lotsatira ndinali nditavala epuloni yobiriwira.

Bwana wathu anali a Chikaonda, ndipo ndisaname, ntchito ankaidziwa. Ndi iwo anandiphunzitsa kuti matimati opita kutali amathyoledwa m'mamawa, akangoyamba kufiira kunsi. Timachotsa kachitsa kuti kasabaye anzake. Kreti siidzazidwa mpaka pakamwa, timasiya mpata wa zala ziwiri kuti yapamwamba isaphwanye yapansi. Tinali ndi chipinda cha makala: makoma ake anali makala opanikizidwa pakati pa waya, ndipo tinkawathira madzi ndi kheni katatu patsiku. Mphepo ikadutsa, mkatimo munkazizira ngati mumtsuko. Pagalimoto tinkafunditsa masaka onyowa, osati lona. "Lona ndi mphika," ankatero a Chikaonda. Ndipo lamulo lalikulu linali lakuti galimoto ya ku Limbe isapezeke pashedi 8 koloko itakwana.

Cholinga cha zonsezi chinali choti chakudya chisawonongeke panjira. Mavenda ankapakira m'madengu akuluakulu, moti apansi ankafika m'tauni ali msuzi. Ine ndinazikhulupirira zimenezi ndi mtima wonse, n'chifukwa chake ankanditumanso kumidzi ya kwa Mposa kukakopa alimi. Wovuta kwambiri anali Abiti Jafali, mayi wachikulire amene ankatsogolera gulu la amayi a kudimba. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akusenda chinangwa.

"Mwanangu, mavenda amatibera, koma amanyamula tsiku lomwelo. Inu mudzanyamula?"

"Tidzanyamula, amayi. Galimoto yathu siidutsa 8 koloko ili pashedi."

Pomaliza anavomera. Anabweza mavenda amene ankawagula zaka zonse, ndipo amayi anzawo anawatsatira chifukwa cha mawu anga.

Tsikulo linali Lachinayi, mu Okutobala, nthawi imene dzuwa la ku Machinga limaswa mtengo. Amayi aja anathyola dimba lonse, ulendo waukulu wa chaka chimenecho, n'kubweretsa pamitu ndi panjinga kusanatenthe. Tinasankha, tinayeza pasikelo, tinapakira. Hafu pasiti 7 dalaivala wathu, Che Yusufu, anali ataliza kale injini. Chinatsala n'choti ine ndisaine chikalata chotulutsira katundu, chifukwa popanda siginecha yanga mlonda sankatsegula geti.

Ndiye pamene anatulukira a Chikaonda atavala suti imene sindinaionepo.

"Zimitsani injini. Akuluakulu a ku likulu ndi otithandiza akubwera 9 koloko kudzatsegulira shedi. Akufuna aone galimoto ikunyamuka."

Sizinathere pomwepo. Anati masaka onyowa akuoneka auve, achotsedwe, tifunditse lona yatsopano yolembedwa dzina la bungwe. Makreti amene anatsala m'chipinda cha makala anati tiwatulutse, tiwandandalike pabwalo, ndipo tiwadzaze mpaka pamwamba kuti pachithunzi paoneke zambiri.

"Bwana, munatiuza nokha kuti lona ndi mphika," ndinatero.

"Mlendo ndi mame, Mariamu. Afika, ajambula, apita."

Mame amene ndimawadziwa ine amauma dzuwa likangokwera. Awa anali amtundu wina. 9 koloko inakwana, 10, 11. Foni ikalira ankati alendo ali pa Zomba. Ikaliranso, ali pa Liwonde. Kenako anati aima kaye adye nkhomaliro. A Chikaonda anawakhazika amayi aja pamphasa, n'kumawabwerezetsa nyimbo yolandirira alendo, maso awo ali pagalimoto. Ndinaika dzanja palona, ndinalichotsa msanga.

Cha m'ma 12 Che Yusufu anandisendera pafupi, n'kuyankhula motsitsa mawu. "Chemwali, ingosainani, ine ndinyamuke. Tikhoza kupulumutsabe. Akabwera ajambule fumbi."

Chikalata chija chinali m'manja mwanga, cholembera chili m'thumba la epuloni. Ndinaganiza za mayi anga, amene anali atauza mudzi wonse kuti mwana wawo ali pantchito. Ndinaganiza za suti ija. Ndinayankha kuti tidikire pang'ono, ndipo mpaka lero ndimachita nawo manyazi mawu amenewo.

Alendo anafika 3 koloko itadutsa, m'magalimoto oziziritsa mkati. Pansi pa galimoto yathu panali patayamba kudontha madzi ofiira, ntchentche zili ng'waa, koma a Chikaonda anaimika chikwangwani chachikulu kutsogolo kwake. Mlendo wolemekezeka anayankhula bwino kwambiri. Anati nthawi yoti thukuta la mlimi liziwolera panjira yatha. Tinaomba m'manja, ine ndemwe ndinaomba nawo. Anadula riboni, ndinasaina chikalata, galimoto inanyamuka, anajambula. Sanakhalitse n'komwe, poti ankathamangira mwambo wina ku Balaka.

Che Yusufu anangofika pamsewu waukulu n'kukhota kubwerera kushedi. Ankadziwa kuti palibe wogula ku Limbe amene angalandire zimene ananyamulazo. Titavundukula lona, fungo linatibweza m'mbuyo. Matimati anali ataphika, makungu atang'ambika, ukagwira chala chikulowa. Tinasankha mpaka manja kuyabwa, tinapulumutsa makreti ochepa chabe. Otsalawo tinakumbira dzenje kuseri kwa shedi yomweyo imene inamangidwa kuti chakudya chisawonongeke.

Abiti Jafali anabwera n'kuima m'mbali mwa dzenjelo. Sanakalipe. Anawerama, anatola limodzi, n'kulitembenuza.

"Awa ndi anga. Taonani, tizitsa ndinachotsa tonse monga munanenera." Kenako anandiyang'ana. "Mwanangu, 8 koloko yanu ija ndi imeneyi?"

Bola akanandimenya khofi.

Chimene chinandipsetsa mtima koposa chinabwera m'mawa mwake. A Chikaonda anandiitana kuti ndilembe lipoti, ndipo anandiuziratu zolemba: alimi anathyola matimati okupsa kwambiri, akufunika maphunziro ena. Amayi amene anadzuka tambala woyamba, amene anatsata lamulo lililonse, amene anaimba nyimbo mpaka mawu kusasa pamene mbewu zawo zinkaphikidwa iwo akuona, ndiwo asenze mlandu. Mantha onse a dzulo lake anasanduka ukali. Ndinalemba mzere umodzi: galimoto inaimitsidwa kuyambira hafu pasiti 7 mpaka 3 koloko kudikira alendo, itafunditsidwa lona.

"Ukudziwa chimene ukuchita?" anandifunsa.

"Dzulo ndiye sindimadziwa, bwana."

Mwezi utatha anandiuza kuti kontirakiti yanga siiwonjezeredwa. Lipoti analemba okha. Chithunzi cha tsikulo chinatuluka pakalendala ya bungwe chaka chotsatira, ndipo ine ndilipo, ndaima pambali pa lona, ndikumwetulira. Amayi a kwa Mposa anabwerera ku madengu a mavenda, ndipo sindingawanene. Abiti Jafali tikakumana pamsika wa Nsanama amandipatsa moni bwinobwino, koma dzina langa analisiya. Amandiitana kuti a 8 Koloko.

Lero ndimayang'anira zotumiza ndiwo zamasamba pa depoti ina ku Balaka. Achinyamata amene ndimawaphunzitsa ndimawauza za kachitsa, za mpata wa zala ziwiri ndi za masaka onyowa, koma ndimawauzanso kuti chimene chinawoletsa matimati a Abiti Jafali si dzuwa lokha ayi. Chinali cholembera chimene chinakhala m'thumba la epuloni yanga.

Chaka chatha kunabweranso uthenga woti akuluakulu akubwera kudzaona mmene timapakirira, ndiye galimoto idikire. Ndinawasesera pabwalo, ndinawaikira mipando pamthunzi, madzi akumwa ndinawakonzera. Itatsala pang'ono kukwana 8 koloko ndinasaina, mlonda anatsegula geti. Alendo anafika masana, ndipo anajambula fumbi.