Juzi Imene Adobi Sanachape

Mu msewu wonse uja munalibe munthu woopa litsiro ngati Adobi. Ena amaopa njoka, ena amaopa apongozi, koma iwo ankaopa banga la pa kolala. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Ngakhale akazi awo akakwiya ankangoti, "Inu Adobi inu," poti chiyambire ali ndi tsitsi lakuda ntchito yawo inali yochapa ndi kusita zovala za anthu. Kashopu kawo kanali pakati pa wogulitsa mapaipi ndi wometa, amene analinso mlamu wawo. Kutsogolo kunali tebulo lositirapo ndi mashelefu, kuseri kunali mabeseni, mpopi ndi zingwe zoyanikapo. Buluku akalisita iwo, mzere wake mukanatha kudulira buledi. Akuti tsiku lina ntchentche inatera pa mzerewo n'kugawika pakati, theka uku theka uko, ndipo wometa uja mpaka lero amalumbira kuti anaona ndi maso ake.

Kuchapa kunali ngati matenda kwa munthu ameneyu. Mlendo akaiwala kampango pa mpando popita kukataya madzi, pobwerako ankakapeza pa chingwe kakudontha. Mkamwini wawo, tsiku limene anabwera kudzaonekera, anabwerera kwawo akunjenjemera ndi mphepo chifukwa jekete lake linalowa m'beseni iye asanamalize kupereka moni. Chinthu chimodzi chokha chinkatha kuwagwira dzanja: mawu a mwini chovala. Kasitomala akanena kuti ichi musanyike m'madzi otentha, kapena ichi musachigwire, ndiye kuti lamulo lagwa.

Kumapeto kwa msewuwo kunkakhala Anamwino, mayi wachikulire amene anapuma ntchito ya kuchipatala, okhaokha ndi mphaka wawo. Mphakayo anali ndi zaka zambiri kuposa mitengo ina ya m'mbali mwa msewu. Makoswe amene ankawathamangitsa ali mnyamata, zidzukulu zawo zinafa kale ndi ukalamba. M'kamwa munatsala mano oti mwana wa nazale awerenge osalakwitsa, khutu lina linali lopindika, diso lina lili ndi mtambo. Anthu ankamutcha Ajaji, chifukwa akakuyang'ana umadziwa kuti mlandu wako wagamulidwa kale ndipo apilo kulibe.

Tsiku lina Anamwino anafika pa shopu ndi kamtolo ka zovala komanga mu nsalu.

"Adobi, izi musachape kaye," anatero. "Mawa ndibwera ndi makatani, muchapire limodzi."

Adobi anaika kamtoloko pa shelefu ya pamwamba. Mawa lija Anamwino sanabwere. Anadwala mwadzidzidzi, anakagonekedwa m'chipatala chomwe ankagwiramo ntchito chija, ndipo sanatulukemo amoyo.

Maliro atatha, mwana wawo wamwamuna anabwera ndi lole kudzatenga katundu. Adobi anapita kukamuuza za kamtolo kaja.

"Muone nazo chochita, bambo," anatero mwanayo, akukweza mpando. "Mutu wanga uli pa mphakayu. Kumene ndikukhala salola ziweto, ndipo ndani angafune nkhalamba yotere?"

Pa khonde panali katoni, m'katonimo muli Ajaji atakhala pa kabulangete. Tinene zoona, chimene chinayamba kuwagwira mtima Adobi si mphaka ayi. Kanali kabulangeteko. Ubweya unali utamera pamenepo ngati kapinga, mtundu wake woyamba sunkadziwikanso, ndipo kakanatha kuima kokha osakagwira. Kenako anakweza maso n'kukumana ndi diso labwino lija la Ajaji, ndipo chigamulo chinagwa pomwepo. Ananyamula katoni yonse.

Akazi awo anawalandira manja ali m'chiuno.

"Ana talera, akula, apita. Lero mwanditengera nkhalamba yoti ndiziitafunira?"

"Ndi mlendo uyu, mayi."

"Mlendo wobwera ali kale m'bokosi?"

Koma ndi iwo omwewo amene anathira mkaka m'kambale, ndipo Ajaji anamwa, n'kudzipinda pa kabulangete kake kuseri kwa tebulo lositirapo. Zonse zikanayenda bwino Adobi akanakhala munthu wina. Tsiku lonse ankasita atatembenuzira msana ku katoniyo, koma kabulangete kankawaitana ndi dzina. M'mawa mwake, Ajaji atangotuluka kukadzithandiza, kabulangete kanali kale m'thovu. Madzi oyamba anatuluka oti n'kupakira phula pa msewu. Anakachapa mpaka kanakumbukira kuti kanali kachikasu, anakayanika, anakasita, n'kukapinda bwinobwino m'katoni, kakununkhira ngati mkwatibwi.

Ajaji anafika, ananunkhiza kamodzi, anayang'ana Adobi nthawi yaitali, n'kupita kukagona pa simenti yozizira kuseri kwa mabeseni.

Kuyambira pamenepo mphakayo anasiya kudya. Mkaka ankangoupenya. Anamuphwanyira dzira, anamudulira chiwindi tizidutswa, anamuchotsera minga m'nsomba mosamala kuposa mmene anachitirapo kwa mwana wawo aliyense, koma iye ankangotembenuzira nkhope ku khoma. Nthiti zinayamba kuonekera. Adobi anatseka shopu masana, chinthu chimene sanachitepo ngakhale tsiku limene anathyoka chala, n'kupita naye kwa dokotala wa ziweto.

"Matenda sindikuwaona, kupatula zaka," anatero dokotalayo. "Koma mphaka wamkulu chonchi sapirira njala. Akapanda kudya sabata ino, mwamutaya."

Adobi anabwerera akuganiza mozama, ndipo anapeza yankho limene dobi yekha angapeze: penapake pali litsiro. Anatsuka kambale ndi madzi owira. Anakolopa pansi ndi mankhwala mpaka wogulitsa mapaipi anayamba kuyetsemula kuseri kwa khoma. Katoni yakale anaitaya n'kubweretsa yatsopano. Kabulangete anakachapanso.

Wometa anasuzumira pakhomo, lumo lili m'manja.

"Alamu, mwatsala chimodzi. Musiteni mphakayo. Mwina akudwala makwinya."

"Pitani mukamete anthu, alamu."

"Ndapita. Koma mukamuyanika mumupanire pa khutu lopindikalo, lingawongoke."

Adobi sanaseke. Anali atawerama pafupi ndi mabeseni, akusisita msana wa Ajaji ndi chala chimodzi, akumva fupa lililonse. Munthu amene sanagonjepo ndi banga la inki, la girisi kapena la magazi, tsopano analibe chochita.

Ndipo Adobi akasowa chochita, amachapa. Anayang'ana uku ndi uku, mu shopu monse munalibe chotsala. Makatani awo omwe anali pa chingwe, nsalu ya pa tebulo ili pa chingwe, akazi awo anali atagwira duku lawo ndi manja awiri. Ndipamene anakweza maso ku shelefu ya pamwamba. Kamtolo ka Anamwino kanali pomwepo. Mwini lamulo anapita, mwana wawo anati muone nazo chochita. Anakatsitsa, anatsegula mpopi, n'kukamasula pansi pafupi ndi beseni. Munali madiresi, sikafu, ndi juzi yobiriwira yotha m'zigongono. Fungo linatuluka ngati munthu walowa m'chipinda: mafuta opaka m'maondo, tiyi wotayikira, ndi thukuta la munthu wokalamba.

Kuseri kwa mabeseni kunamveka kukwekwereza. Ajaji, amene sanasunthe chiyambire dzulo lake, anatulukira akudzandira ngati woledzera, miyendo yakumbuyo ikukana. Anadutsa pa mapazi a Adobi osawayang'ana, anakwera pa juzi ija, anaiponda ndi zikhadabo uku ndi uku, n'kulowetsa mphuno m'khosi mwake. Kenako pakhosi pa mphakayo panayamba kulira ngati jenereta yakale, moti wometa akuti magalasi a mu shopu yake anagwedera.

Dzanja la Adobi, lodontha thovu, linali litagwira kale mkono wa juziyo.

"Chotsani dzanja, bambo," anatero akazi awo ali pakhomo.

"Ili ndi thukuta, mayi."

"Thukuta limenelo ndi limene akulifuna. Kabulangete kaja mukuti munachapa litsiro? Munachapa mayi ake."

Adobi anakhala chiwerameni. Mpopi unkangothira, beseni linasefukira, madzi analowa mu nsapato zawo, iwo osamva. Pang'onopang'ono zala zinamasuka. Akazi awo anatseka mpopi, anatenga kambale ka chiwindi n'kukaika pamwamba pa juzi penipeni. Adobi anatsinzina, poti msuzi unali utayamba kale kudonthera pa ulusi. Atatsegula maso, Ajaji anali akunyambita.

Umu ndi mmene mu shopu yaukhondo kuposa onse mu msewu uja munakhalira chovala chimodzi chosachapa, pa shelefu ya pansi, moonekera aliyense. Ajaji ananenepa, kapena tinene kuti nthiti zinabwerera m'kati. Adobi anaphunzira ntchito yatsopano atakalamba. Chakudya ankachinyenya ndi foloko chifukwa cha mano aja. Anadula katoni ya sopo kukhala sitepe kuti nkhalambayo isamadumphe. Nyengo yozizira, chinthu choyamba kusita m'mawa chinali thaulo, limene ankalilowetsa pansi pa juzi lili lofunda, pansi osati pamwamba, kuti fungo lisasokonekere. Masuti a mabwana ankadikira. Ubweya ukauluka ankautola pa zovala za anthu umodziumodzi, osadandaula, ngakhale kuti ubweya umene anatola zaka zimenezo ukanakwana kupangira amphaka ena asanu ndi kagalu.

Makasitomala atsopano ankaloza ndi mlomo.

"Adobi, nanga nsanza iyo mwaiiwala?"

"Ili ndi mwini wake. Anati musachape kaye."

Fungo silikhala mpaka kale. Chaka chachiwiri chili pakati, Ajaji anayamba kuzungulira pa juzi paja osakhazikika, akununkhiza ngati munthu wofuna makiyi. Adobi mtima unagwa, poti kamtolo kena kunalibe. Koma masana ena otentha anavula malaya awo antchito, onyowa ndi thukuta la simbi, n'kuwaponya pa mpando kuti atunge madzi. Pobwera anapeza malayawo akokeredwa pa shelefu ya pansi, Ajaji atagona theka pa juzi theka pa malaya, jenereta ikulira.

"Mwakwezedwa pa ntchito, alamu," anatero wometa. "Tsopano mayi ake ndinu."

Nthawi imeneyi Adobi sanamuthamangitse wometayo. Kuyambira tsikulo malaya a dzulo ankakhala a Ajaji, ndipo ankalowa m'beseni pokhapokha a lero akalowa m'malo mwake.

Ajaji anapita m'mawa wina dzuwa litafika kale pa shelefu, atadya, atapesedwa, Adobi akusita kolala ya munthu wina pafupi pomwepo. Jenereta inangochepa mawu, n'kuzima. Adobi anaimika simbi, anamaliza kupinda malaya amene anali pa tebulo chifukwa manja sankadziwa china, kenako anakatenga khasu.

Anakumba kuseri, kumapeto kwa zingwe zoyanikapo, pamene dzuwa limafika koyamba. Akazi awo anatuluka ndi juzi yobiriwira ija, ataigwira ndi zala ziwiri, maso ali ofiira koma pakamwa pali kamwano kawo ka masiku onse.

"Tiichape kaye, bambo? Mpata wanu ndi uno."

Adobi anailandira, anaiyala pansi ndi ubweya wake wonse, ndi banga la msuzi lija, n'kukulungamo Ajaji bwinobwino, m'mphepete molingana ngati mmene ankapindira malaya a ukwati.

"Ayi, mayi," anatero. "Makatani a Anamwino aja sanabwere."